Wamakina Sathamangira kwa Wodwala

A Telala analowa m'gulu la odzutsa mitima chifukwa cha munthu mmodzi yekha, ndipo sanabise. Tsiku limene a Nesi anabwera ku holo ya pasukulu atanyamula chidole chopanda miyendo, kudzafuna anthu ongodzipereka, ena ankaimirira n'kumalankhula zotsekemera, ati timakonda anthu, ati dera lino ndi lathu. Itakwana nthawi yawo, a Telala anadzuka tepi yoyezera ikadali m'khosi.

"Ine ndili ndi wodwala wanga kunyumba," anatero. "Enawa ndiziwathandiza ndithu, koma ndizikhala ndikuyeserera."

Anthu anaseka chikhakhali, ngakhale a Nesi amene, koma anawalandira.

Wodwala wawoyo anali amuna awo, a Dalaivala. Bamboyu anayendetsa basi kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku lina mtima unayamba kudumphadumpha ali pachiwongolero, basi itadzaza. Madokotala anawauza kuti za basi aiwale. Anabwerera kwawo ndi thumba la mapiritsi komanso pakamwa pawo, poti pakamwapo palibe dokotala amene anapapeza ndi vuto. Ankaweta nkhuku, ankamasula mawailesi a anthu n'kulephera kuwamanganso, ndipo dzina la udalaivala linawakanirira ngakhale kuti chimene ankayendetsa tsopano chinali wilibala.

Kuderako chipatala chachikulu chinali kutali, msewu wake wa maenje okhaokha. Ambulansi inkabwera ndithu, tisainamizire, koma kawirikawiri inkapeza anthu atayamba kale kulira. Mtima ukaima sudikira galimoto. N'chifukwa chake a Nesi anaphunzitsa anthu wamba, alimi, aphunzitsi, ogulitsa mumsika, kuti munthu akagwa n'kusiya kupuma azimukanikiza pachifuwa mwamphamvu, osalekeza, kuti magazi aziyendabe. Anabweretsanso makina odzutsira mtima, okhala m'kachikwama kachikasu, n'kuwaika m'bokosi pakhonde la sitolo ya mbewu, pamwamba pa chitunda, poti ndi pamene magetsi sankathimathima. Wina akaimba kuchipatala kuti kuno munthu wagwa, akuchipatalako ankaona pamene foni ya wodzipereka aliyense ili, n'kutumiza uthenga. Amene ali pafupi ndi wodwala ankauzidwa kuti athamangire kwa wodwalayo. Amene ali pafupi ndi sitolo ankauzidwa kuti akatenge makina.

Pozimva zinali zophweka, koma munthu ndi munthu. Ulendo woyamba, mayi wina wogulitsa tomato atagwa mumsika, gulu lonse linathamangira kwa iye, aliyense kufuna kuti manja ake ndiwo akhale pachifuwa. Makina anatsala m'bokosi mwake akuphethira kagetsi kobiriwira. Mayiyo anamwalira. A Nesi, munthu wosakonda kukalipa, tsiku limenelo anakalipa mpaka mawu kusasa.

"Manja sadzutsa mtima, amangougwirizira," anawauza. "Chodzutsa ndi makina. Mukathamangira nonse kwa wodwala ndiye kuti mwapita kukagwadira mtembo. Wamakina sathamangira kwa wodwala, ngakhale wodwalayo akhale mayi ake omubereka. Ndipo amene watenga makina ndi amene amawabweza, tsiku lomwelo, atawaika zomata zatsopano. Mitima siuzana kuti lero waima kale wina."

A Telala anawasunga mawuwo monga ankasungira muyezo wa kasitomala. Zomatazo zinali ziwiri, zomata pachifuwa cha wodwala kuti makina amve mtima, ndipo iwo ankangozitcha zigamba, poti kwa telala chinthu chilichonse chomata pa chinzake ndi chigamba. Makinawo ankalankhula ndi mawu a mzimayi wosatekeseka, amene ngakhale kutagwa zotani sankakweza mawu. Agululo anamupatsa dzina loti Adona.

Mwa onse a m'gululo, amene anali ndi mbiri anali bambo wogulitsa nyama, amene aliyense ankangowaitana kuti a Butchala. Manja awo anali ngati mafosholo. Tsiku lina anagwirizira mphunzitsi wamkulu amene anagwa pabwalo la mpira, makina n'kufika, Adona n'kumumenya magetsi, bamboyo n'kutsitsimuka. Mphunzitsiyo ali moyo mpaka lero, koma akakumana ndi a Butchala sathokoza, amangodandaula za nthiti zake.

Kunyumba a Dalaivala anawapatsa akazi awo dzina latsopano. Sankawaitananso mayi a ana, ankati a Dokotala. Lamulungu masana, akadya, ankavula shati n'kugona chagada pakhonde.

"Bwerani a Dokotala, chidole chanu nachi."

"Munthu wamoyo sitimukanikiza, inu. Gonani bwino ndingopeza malo."

Ndiye a Telala ankagwada, kusanjikiza manja pakati pa chifuwa, kuongola zigongono, osakanikiza. Ankangomvetsera kanthu kaja kakugunda pansi pa chikhatho chawo, nthawi zina bwinobwino, nthawi zina ngati kakupunthwa. A Dalaivala mutu wawo unali dazi lokhalokha, koma pachifuwa, cha kumanja pansi pa fupa la khosi, panali kagulu ka cheya cha imvi, ndendende pamene chigamba choyamba chimayenera kukhala.

"Ichi ndidzameta ndi lezala," a Telala ankatero akuchikoka. "Chigamba sichimata bwino pa cheya."

"Asiyeni amenewo, ndi apaulendo anga. Anakwerera kumutu kuno, atafika pa siteji ya pachifuwa anatsika. Akudikira basi ina."

Lamulungu lina, atatha kuseka, a Dalaivala anagwira dzanja la akazi awo likadali pachifuwapo.

"Koma chinthu chimodzi, a Dokotala. Injini ikadzazima, mudzandigwire ndinu. Musadzandipereke kwa a Butchala. Munthu uja akandigwira pachifuwa ayamba kuganiza za makilo."

"Nanga mukuyesa ndikuvutikira ndani? Manja awa ndi anu. Ndidzakhala ine woyamba."

Ananena osaseka. A Dalaivala anaona kuti akazi awo sakuseka, ndiye anangofunsa ngati m'ketulo mwatsala tiyi. Kunena zoona, a Telala ankaopa. Ankaopa tsiku lililonse. Akakhala ku shopu kwawo, mashini osokera akangoima, ankapezeka atatchera khutu ku foni imene sikulira n'komwe. Lonjezo lija ndilo linkawalimbitsa mtima, kuti tsikulo likadzafika sadzangoima manja ali kumutu ngati akazi ena.

Tsikulo linafika m'mawa wopanda chizindikiro chilichonse, dzuwa litangoyamba kutentha. A Telala anali atapita pa njinga kukapereka makatani kwa kasitomala tsidya la mlatho. Amuna awo anawasiya akusakaniza chakudya cha nkhuku, atavala shati ya mizeremizere imene anawasokera iwo omwe. Pakhomopo panalinso alamu awo, mlongo wawo wa a Dalaivala, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndipo ankabwera m'mawa uliwonse kudzabwereka kanthu ndi kudzadzudzula kanthu.

Pobwerera, atafika pamphambano ya pa thanki ya madzi, foni inalira kulira kwake kwina kuja, kolasa m'makutu, kumene a Nesi anaika m'mafoni a agulu onse. Pamphambanoyo njira ya kumanzere imatsetserekera kunyumba kwa a Telala, ya kumanja imakwera chitunda kupita kumasitolo. Anaponda pansi ndi mwendo umodzi n'kuwerenga.

Uthenga unati bambo wagwa, sakupuma, nyumba ya chitseko cha buluu kumunsi kwa thanki ya madzi. Unati wina akupita kwa wodwala. Unati inu katengeni makina.

Chitseko chimenecho anachipenta okha, ndi penti yotsala ku shopu.

Anakweza maso. Denga la nyumba yawo linali apo, likuoneka bwinobwino, ndipo pabwalo panali alamu awo akudumphadumpha, akukupiza nsalu m'mwamba, akuwaitana. Mawu sankafika, koma nsaluyo inkalankhula momveka. Manja a a Telala anakhotetsa okha chiwongolero cha njinga kumanzere. Kutsetsereka kokhako, osapalasa n'komwe, akanapezeka atagwada pambali pa amuna awo.

Koma wina akupita kwa wodwala. Ndani, uthenga sunanene. Anayang'ana njira zonse zolowera kwawo, sanaone munthu akuthamanga. Ndipo makina anali kumtunda, m'bokosi, ndipo padziko lonse munthu amene anauzidwa kuti akawatenge anali iwo. Akatsetsereka, akagwada, akakanikiza mpaka manja kuthyoka, koma palibe amene akabweretse chodzutsa mtima. Anakumbukira mayi wa tomato uja, anthu atamuzungulira, aliyense manja ali okonzeka, makina ali chiphethire pakhonde la sitolo.

"Pepani bambo," anatero pansipansi.

Anatembenuza njinga, kufulatira nyumba yawo, n'kuyamba kukwera chitunda.

Chitunda chimenecho anachikwera zaka ndi zaka popita ku shopu, osachiona kutalika. Tsiku limenelo chinakula. Anapalasa ataimirira, mpweya ukuwotcha pakhosi, ndipo njinga itayamba kulemera anatsika n'kumaikankha akuthamanga. Sanacheuke, chifukwa ankadziwa kuti akacheuka abwerera. Ankalira, inde, koma miyendo sinaime. Mwini sitolo ya mbewu atawaona akubwera choncho anasiya kasitomala, n'kutsegula bokosi iwo asanafike pakhonde.

"Ndi kwa ndani lero, mayi?"

"Kwathu."

A Telala anakoleka kachikwama kachikasu m'khosi, kukwera njinga, n'kuisiya kuti itsetsereke mmene ikufunira. Mabuleki sanawagwire mpaka pageti.

A Dalaivala anali chagada pafupi ndi khola, beseni la chakudya cha nkhuku litatayika pambali pawo. Nkhuku zinkangojompha, zilibe nazo kanthu. Ndipo amene anagwada pamenepo, atavala epuloni yake ya magazi a mbuzi, akukanikiza ndi thupi lonse, thukuta likugwera pa shati ya mizeremizere, anali a Butchala. Khola lawo lophera linali kuseri kwa minda, ndiye anadutsa njira yachidule. Alamu anali ataima chapatali, manja kumutu.

"Akumupha mchimwene wanga. Ndamva fupa likuthyoka. Mlamu, auzeni asiye, akumupha."

A Telala anatsika panjinga. Anagwada mbali inayo, kutsegula kachikwama, kutulutsa sizasi. Dzanja lawo, mwa chizolowezi, linayamba kufunafuna msoko, kuti shati idzasokekenso. Atazindikira anapsa mtima ndi dzanja lawo lomwe, n'kudula pakati penipeni, kudutsa pathumba. Lezala anaiona m'kachikwamamo koma sanaigwire, nthawi panalibe. Anamata chigamba choyamba pamwamba pa kagulu ka imvi kaja, n'kuchipsinja ndi chikhatho kuti chigwire. Chachiwiri anachimata m'nthiti kumanzere.

"Musamugwire wodwala," anatero Adona. "Ndikumvetsera mtima."

A Butchala anakweza manja m'mwamba, akupuma ngati ng'ombe. Chala cha a Telala chinali kale pamwamba pa batani la magetsi, chikudikira mawu amene anawathamangira chitunda chonse chija.

"Sipakufunika magetsi," anatero Adona, ndi ulemu wake wonse. "Pitirizani kukanikiza."

A Telala ankadziwa tanthauzo lake. A Nesi anawaphunzitsa kuti makina amamenya mtima umene ukunjenjemera, umene wasokonekera koma ukadali ndi kamoyo. Mtima umene wangogona duu, makina alibe nawo chochita. Anayang'ana a Butchala, a Butchala anayang'ana pansi.

"Sunthani," anatero a Telala.

Anasanjikiza manja pamalo paja, pamene ankapadziwa kuposa malo ena aliwonse, anaongola zigongono n'kukanikiza. Chifuwa chinali chitafewa kale, nthiti zitagonja m'manja mwa a Butchala. Pansi pa chikhatho panalibe kanthu kogunda, ngakhale kopunthwa. Anakanikiza akuwerenga mokweza monga anawaphunzitsira, ndipo pakati pa kuwerengako ankalankhula.

"Ndabwera, bambo. Ndi ine. Si a Butchala ayi, ndi ine. Ndabwera."

Adona anawaimitsanso, anamvetseranso, ananenanso mawu omwe aja. A Telala anabwerera pachifuwa. A Telala atatopa, a Butchala analandira, iwo n'kumauzira mpweya m'kamwa mwa amuna awo, mmene munkanunkhirabe tiyi wa m'mawa. Kenako anasinthananso. Anthu anayamba kudzaza kumpanda. Wina anathamangitsa nkhuku. Ulendo uliwonse Adona akati musamugwire wodwala, mtima wa a Telala unkakwera kudikira, ndipo ulendo uliwonse unkagwa.

Ambulansi inafika dzuwa litakwera. Dokotala wachichepere amene anatsikamo analumikiza zingwe zake, anabaya jakisoni, anayang'ana m'maso, anayesanso, anthu onse akumuyang'ana. Pomaliza anagwira a Telala paphewa.

"Mayi, mwachita zonse. Tisiye."

A Telala anamva, koma manja sanamve. Anaphunzitsidwa kusalekeza, ndipo kulekeza palibe amene anawaphunzitsa. Anapitiriza kukanikiza, akuwerenga ndi mawu amene anali atatha kale. A Butchala ndi amene anagwada n'kuika manja awo aakulu aja pansi pa manja a mayiyo, n'kuwanyamula pang'onopang'ono ngati akunyamula mazira.

"Basi, mayi. Apumule."

Masana nyumba inali itadzaza. Thupi anali ataligoneka kuchipinda. A Telala anakhala pansi pabalaza, atatsamira khoma, manja ali pamiyendo, akutupa. Azimayi ankabwera, kuwagwira, kulira, kusuntha. Ana awo anali ataimbiridwa ndipo anali m'njira. A Telala misozi inali itaphwa, ankangomva kuzizira.

Alamu awo ndi amene sanathe kudzigwira. Ankalira mokweza, ndipo m'kulira kwawoko munali mawu, amene aliyense m'chipindamo ankawamva.

"Anakuitanani, mlamu. Asanagwe anagwira pachifuwa n'kunena kuti, mlongo, itanani a Dokotala. Ine ndinakuonani ndi maso angawa pa thanki paja. Ndinakukupizirani nsalu. Munandiona, musakane. Munatembenuza njinga n'kumufulatira."

Mayi wina anayesa kuwatontholetsa, koma alamuwo anamusasa.

"Zaka zonsezi kumangoti ndikuphunzira chifukwa cha amuna anga, ndikuphunzira chifukwa cha amuna anga. Tsiku lafika, mwathamangira chikwama. Chawathandiza chiyani chikwamacho?"

A Telala sanawakwiyire. Mayiyo anali atataya mchimwene wake yekhayo, ndiponso palibe bodza limene ananena. Anawaonadi. Anatembenuzadi njinga. Ndipo chikwamacho sichinathandize kanthu. Mawu amene anawapweteka kwambiri sanali achipongwewo, anali aja oti itanani a Dokotala. Bambo uja anagwa akudziwa kuti akazi ake akubwera, poti anamulonjeza.

A Telala anadzuka kuti akapume mphepo kuseri. Anapeza a Butchala atakhala pa wilibala ya amuna awo, epuloni atavula, ataipinda pamwendo. Bamboyo atawaona anaimirira.

"Mayi, ndikudziwa kuti sankafuna ine. Ankandiuza ulendo uliwonse akabwera kudzagula nyama, ati iwe usadzandiyandikire ndi masikelo ako." Anayesa kumwetulira koma zinakanika. "Nthiti ndawathyola. Mundikhululukire."

"Mwachita monga anatiphunzitsira."

Anaima onse awiri akuyang'ana nkhuku.

"Ndifunse, bambo. Mutafika, munapeza bwanji?"

"Anali atapita kale kutali. Sanatsegule maso, sananene kanthu."

"Ndikanatsetsereka ine pa thanki paja, ndikanakuyambirirani kufika?"

"Pang'ono. Inde, mukanandiyambirira pang'ono."

"Zikanasintha?"

A Butchala anapinda epuloni ija kachiwiri, ngakhale inali yopinda kale.

"Ndikati ndikudziwa ndiye kuti ndanama, mayi. Chimene ndikudziwa n'choti mtima ukanapezeka ukunjenjemera, makina kulibe, bwenzi pano mukudzifunsa funso lina, lowawa kuposa limeneli."

A Telala anagwedeza mutu. Anali mawu oona, koma sanachepetse ululu ngakhale pang'ono. Munthu akhoza kuchita cholondola n'kukhalabe ataswa lonjezo, ndipo ziwirizo anayenera kuzinyamula limodzi.

Pobwerera m'nyumba anamva kakulira, kapansipansi, kobwerezabwereza. Kankachokera pakhonde, pamene anthu anavula nsapato. Wina anali atakankhira kachikwama kachikasu pakati pa nsapatozo, ndipo kagetsi kake tsopano kankaphethira mofiira. Makina ankadandaula kuti alibe zigamba. Zatsopano zinkasungidwa kusitolo ya mbewu. Mpaka wina atawabweza kumeneko, bokosi la pachitunda linali lopanda kanthu, ndipo dera lonse linali lopanda chodzutsa mtima.

A Telala anawerama n'kunyamula kachikwamako. A Butchala, amene anawatsatira, anatambasula dzanja.

"Ndipatseni ine, mayi. Lero palibe amene angakuoneni cholakwa."

"Ndinatenga ndine."

"Ndikudziwa lamulo, koma lero..."

"Ngati lamulo likhoza kupindika madzulo ano, ndiye kuti likanapindikanso m'mawa," anatero a Telala. "Musandilande limeneli, bambo. Ndatsala nalo lokha."

A Butchala anabweza dzanja. Anafuna nsapato za mayiyo pamulu paja n'kuwaikira pafupi.

Alamu awo anawaona kudzera pakhomo.

"Mukupitanso? Mukumusiyanso?"

"Ndibwera, mlamu. Khalani nawo."

Njinga anaisiya. Anayenda wapansi, kachikwama kali m'khosi, kakulirabe pansipansi pachifuwa pawo. Anthu amene ankabwera kumaliro ankakumana nawo m'njira, kuima, kudabwa, ena kunong'onezana. Iwo ankangowerama pang'ono n'kudutsa. Chitunda chija anachikwera pang'onopang'ono, akuima kupuma, poti miyendo tsopano inali itakumbukira zaka zake.

Mwini sitolo anatuluka kudzawalandira. Anangowaikira mpando pakhonde, n'kubweretsa paketi ya zigamba zatsopano, kansalu kopukutira, ndi ndowa ya zinyalala imene ankatayamo zogwiritsidwa kale ntchito kuti zikatenthedwe. A Telala anatsegula kachikwama pamiyendo pawo. Anapukuta fumbi la pabwalo pawo, anachotsa kanthenga ka nkhuku kamene kanalowa pazipi, anapukuta sizasi, n'kuona kuti lezala ikadali m'pepala lake. Kenako anazula chingwe cha zigamba zakale.

Wina, mwina a Butchala, anali atazimatanitsa ziwirizo pozichotsa. A Telala akanangoziponya m'ndowa choncho. Koma telala sataya chinthu asanachitembenuze, ndiye anazimatula.

Pa chigamba choyamba panali patamatirira cheya cha imvi, kagulu konse, kopindikapindika, monga mmene kankakhalira pachifuwa paja. Chigambacho chinali chitagwira bwino ndithu, popanda lezala.

Pamenepo ndi pamene analira. Sanalire mokweza ngati alamu awo. Anangowerama pa chigambacho, mapewa akugwedezeka, misozi ikugwera pa kachikwama kamene anali atangokapukuta. Mwini sitolo analowa m'kati n'kumasuntha matumba a mbewu amene sankafunika kusunthidwa.

Atatha kulira, a Telala anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa nsalu. Anatsegula paketi yatsopano, analumikiza chingwe, n'kudikira. Kakulira kaja kanasiya. Kagetsi kofiira kanazima, kobiriwira kanayamba kuphethira. Anaimirira, anaika kachikwama m'bokosi, anatseka, n'kukoka chitseko chake kuti aone ngati chagwira.

Mwini sitolo anatuluka n'kunyamula ndowa ija, kuwayandikizira.

"Zakalezo, mayi."

"Chimodzichi tengani," anatero a Telala, n'kuponyamo chachiwiri chija. Choyambacho anachidula pachingwe ndi lumo lawo la m'thumba, anachipinda mosamala, cheya chili m'kati, n'kuchilowetsa m'bulauzi. "Ichi muli apaulendo. Ndikawatula ndekha."

Mwini sitoloyo sanamve tanthauzo lake, koma sanafunse.

A Telala anatsika chitunda dzuwa litapendeka, dzanja limodzi lili pachifuwa. Foni inali m'thumba, yoyatsa, poti sanaganize n'komwe zoizimitsa. Atafika pa thanki ya madzi anaima pamalo pomwe anaponda m'mawa. Denga lawo linali apo, ndipo pabwalo panali anthu ambiri, koma panalibe wokupiza nsalu. Anakhotera kumanzere, kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono, poti tsopano panalibenso chothamangira.